Mtengo wa Azitona wa Achemwali Anga a Mandina

"Muukhudze mtengowo muone, amayi aang'ono! Anasiyira ine!" Ameneyo ndi Edelmira, mpongozi wa malemu, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro. Mkazi wa ku chilumba cha Chiloé m'dziko lomwe lino, wosadziwa ndi komwe kuli Brač, chilumba chakwathu kutsidya kwa nyanja, kukalipira ine Lukre!

Bambo Mfumu akuti ndinene za moyo wa achemwali anga a Mandina, azilembe m'kanyuzi ka parishi. Chabwino, lembani.

Tinafika kuno ku Punta Arenas tili ana, amayi atafukata kamtengo ka azitona m'chitini, kochokera m'munda wa agogo ku Brač. Panja mphepo yakunoyi ikanakapha tsiku limodzi, ndiye kanakulira m'khitchini pafupi ndi mbaula. Amayi atamwalira, mtengo unapita kwa a Mandina. Ati ndiwo aakulu. Kukula kwake chaka chimodzi chokha!

Kupemphera kokha ankapemphera, sindingawanamizire. Misa ya m'mawa sanajombepo, kaya kugwe chisanu chofika m'mawondo. Amuna awo a Frane atamira ndi boti, analera okha ana anayi pochapa zovala za ometa nkhosa, manja ali ming'alu yokhayokha, osadandaula. Ine ndikadandaula za amuna anga a Jure, amoyo koma okhalira ku bala, ankangoti, "Lukre, Mulungu si gonthi, usamukuwire."

Lamulungu la Kanjedza lililonse ankathyola tinthambi n'kugawira anthu akwathu pakhomo la tchalitchi. Azibambo andevu ankanunkhiza masambawo n'kulira, kukumbuka kumudzi. "A Mandina ndi mngelo, a Mandina ndi oyera." Nanga wonyamula dengu anali ndani? Ine, zaka makumi asanu. Dzina langa munalimvapo?

Atadwala, ankawasambitsa ndi Edelmira, sindikukana. Ine msanawu. Tsiku lina ndinawafunsa, "Achemwali, nanga mtengo uja?" Iwo amvekere, "Upite kwa amene amauthirira." Anatisiya Loweruka masana, korona ili m'manja, akumwetulira ngati aona munthu womudziwa. Mzimu wawo uwuse mumtendere. Koma akanandiuza kale kuti nkhani yagona pothirira.

Bambo Mfumu akuti titengere chitsanzo chawo. Edelmira ndiye watengeratu, chaka chino wagawa tinthambi ndi iyeyo. Kanga ananditumizira kudzera mwa mwamuna wake Tonči, mwana wa a Mandina. Ndinakabweza. Pano Tonči sandiyankhula, mwana wanga Dinka sayankhula Tonči, ine sindiyankhula Edelmira. Ndipo a Jure, amene analandira kawo n'kukabisa kuseri kwa mtanda wa kuchipinda kwathu, mawu anga sanawamvenso kuyambira pa Kanjedza.