Chingwe chimodzi cha bangwe

Dzulo mwana wanga anandionetsa kanema pafoni: bambo wina wa mtundu wa Adayaki, kutali kutsidya kwa nyanja, akuliza ndi zala choimbira cha zingwe chosemedwa pamtengo. Sindinamuonere mpaka kumapeto. Ndinayamba kumva fungo la dzimbiri m'manja mwanga.

Amalume anga anali osaona. Ankaimba bangwe pamsika wa ku Nchalo, ndipo zimene odula nzimbe ankawaponyera m'chitini ndizo tinkadya pakhomo pathu. Tsiku lina masana, iwo atagona pansi pa mtengo wa masawu, ndinafuna waya wotchera njiwa. Ndinaona zingwe zisanu ndi ziwiri za bangwe, ndipo mumtima ndinati chimodzi sachisowa. Sindinkadziwa kuti pa bangwe waya amakhala mmodzi yekha, wongolowa m'mabowo uku ndi uku. Ndinapindapinda chingwe chakumapeto mpaka chinaduka. Pompo zonse zinakhwefuka, timitengo tokungira tinagwera m'fumbi.

Atadzuka anapapasa thabwalo nthawi yaitali. Linali tsiku la malipiro ku esiteti ya nzimbe, tsiku limene chitini chinkadzaza.

"Mphwanga, wafika pano ndani?" anandifunsa.

"Mbuzi, amalume."

"Mbuzi," anabwereza motsitsa mawu. "Bwera undithandize kutola timitengoti."

Ndinagwada pambali pawo. Dzanja lawo, pofufuza m'fumbi lotenthalo, linakhudza thumba la kabudula wanga, pomwe nsonga ya waya inatulukira. Linaima pamenepo kanthawi. Kenako linatsika, n'kupitiriza kupapasa pansi.