Kanyumba ka asilikali kamene ndinkasesa

Chiyambire mliriwu, Madamu sandilola kutuluka m'nyumba muno ku Al Barsha, kudziko la Aluya kumene ndikugwira ntchito. Ndikati ndikagule sopo amangoti, "Khalas, basi, Esinati, tiitanitsa." Chipinda changa chili ndi kazenera kopapatiza, ndipo makina oziziritsa akadontha, khoma limanunkha simenti yonyowa.

Fungo limeneli ndidalidziwira ku Durban ndili mwana, kumene bambo anga ankaphikira azungu. Pachitunda choyang'ana kunyanja padali kanyumba ka konkire kopanda chitseko, zenera lake longokwana dzanja. M'katimo mudali mchenga, zitosi za mbalame ndi zitsulo zadzimbiri zomatirira pansi.

"Ankakhala muno ndani, ababa?" ndidafunsa.

"Asilikali, nthawi ya nkhondo. Ankadikira anthu ochokera kunyanja."

"Adafika?"

"Sadafike."

Ine ndinkayesa ankadikira abale awo, ndipo adandimvetsa chisoni. Nafenso tinkadikira amayi, amene adatsala ku Ntcheu, ndipo ndinkati adzabwera pa imodzi mwa sitima zimene zinkadutsa panyanjapo. Kwathu mlendo safikira posasesa. Choncho Loweruka lililonse ndinkazembetsa tsache la kwa azungu, kusesa kanyumbako, kenako kukwera pamwala n'kumasuzumira pazenerapo.

Tsiku lina bambo adandipeza. Adayang'ana pansi poyerapo kwa kanthawi, n'kungoti, "Kabweze tsachelo asanalifune." Za amayi sadatchule. Kuti adakwatiwa kwina ndidamva patatha chaka.

Ndidadziwa nditakula kuti pazenera paja pankatulukira mfuti. Zenera lotero samangira munthu woyembekeza alendo. Langa lino ndaliyeza ndi dzanja, ndi chimodzimodzi.