Sabata Linandipeza M'mwamba

Ntchito yanga yoyamba pa esiteti inali yothyola tiyi ngati wina aliyense, koma imene anthu amandikumbukira nayo ndi ya mbendera. Nyengo yothira feteleza kunkabwera kandege kachikasu, ndipo anthu awiri tinkaima, wina kuno wina kutsidya kwa munda, aliyense atanyamula nsungwi yaitali yomangirira nsalu yoyera. Woyendetsa ndege ankalunjika pa mbendera zathuzo. Ikangodutsa, feteleza ali waa pachipewa, ndinkawerenga mizere ya tiyi khumi ndi iwiri n'kuimanso. Ukalakwitsa kuwerenga, mwezi wotsatira munda unkakuulula wokha, pena pobiriwira pena pachikasu. Ndege zitayamba kubwera ndi makina odzipezera njira, mbendera zinatha ntchito, ndipo anandipatsa bwalo la ndege kuti ndiziliyang'anira: kutchetcha udzu, kugumula chiswe, kuthamangitsa mbuzi, ndi kusoka chisokosi chosonyeza mphepo chikang'ambika. Zaka zonsezo sindinakwerepo ndege, ndipo sindinalakelakepo.

Momwe mwana wanga wamkazi anakhalira woyendetsa ndege sindingafotokoze bwino, chifukwa ine ndemwe sindinazimvetse. Anamaliza sekondale kufupi ndi Makwasa, analemba mayeso ena ku Blantyre, kenako anamutenga kukaphunzira kunja. Tsiku limene anayamba kuuluka yekha anaimba foni akuseka, akuti atatsika anzake anamukhuthulira ndowa ya madzi. Mayi ake anakwiya. Anati mwana wachita bwino, ndiye mukumunyowetsa chifukwa chiyani? Chaka chimene mwanayo anayamba ntchito ndi chimene mayi akewo anatisiya. Ali m'chipatala anandiuza zinthu zochepa, ndipo chimodzi chinali chakuti ndionetsetse kuti dzina la mwanayu lisachoke m'buku la mpingo. Ndinavomera mosavuta. Panthawiyo ndinkaona ngati andipatsa katundu wopepuka.

Ife ndife osunga Sabata. Kuyambira dzuwa kulowa Lachisanu mpaka kulowanso tsiku lotsatira sitigwira ntchito. Kunyumba kwathu sitinkayang'ana wotchi. Dzuwa likabisala kuseri kwa phiri la Thyolo, mthunzi n'kufika pa mtengo wa mapeyala wa pakhomo, malemu akazi anga ankaika khasu pansi n'kuyamba nyimbo, basi Sabata lalowa. Ndakhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, m'komiti ya anthu asanu ndi awiri. Chaka china ndinakweza nawo dzanja pochotsa bambo wina wa m'fakitale amene anavomera kugwira ntchito pa Sabata nyengo ya mvula, masamba atachuluka. Sindinamuthamangire. Ndinapita kwake kawiri kukamudandaulira, koma pomaliza dzanja ndinakweza.

Ndiye tsiku lina abusa athu, munthu wachinyamata wochokera kumpoto, anandiitanira pambali titatuluka m'tchalitchi. Anandionetsa chithunzi pafoni. Anali mwana wanga, atavala malaya oyera a ntchito, ataima pambali pa ndege. Pansi pake panali tsiku, ndipo tsikulo linali la Sabata.

"Akulu, nkhaniyi yafika ku komiti," iwo anatero. "Sindikufuna muimve kwa ena. Mufunseni mwana wanu, tidzakumane Sande inayo, osati mawa."

Mlungu womwewo mwanayo anaimba foni kuti Lachisanu abwera ndi ogula tiyi awiri, agona kunyumba masiku awiri, ndipo adzabwerera nawo Sande m'mawa. Ndinatchetcha bwalo lonse ngakhale udzu unali usanakule.

Anatera dzuwa litapendeka. Alendo atatengedwa pa galimoto ya manijala, iye anabwera, anagwada pang'ono atavala thalauza lakelo, n'kundigwira dzanja. Ndinali nditakonza mawu oti ndimufunse, koma anandiyambirira.

"Ababa, kwerani. Ndapempha kwa abwana anga, andilola. Mphindi makumi awiri basi."

"Lero ndi Lachisanu, mayi."

"Dzuwa si ilo? Zaka zonsezi mukutchetchera anthu ena, inu osakwerako?"

Ndinatambasula mkono n'kuyeza. Pakati pa dzuwa ndi phiri pankalowa zala zitatu. Ndinaona kuti nthawi ilipo. Chinanso, ndinaganiza kuti mwina funso lija lidzatuluka mosavuta tikakhala awiri m'mwambamo.

Sindinkadziwa kuti munthu wokwera amadikira chotere. Anazungulira ndege yonse akugwiragwira mapiko, anatapa mafuta m'kabotolo n'kuwayang'anitsitsa padzuwa, anagwedeza chipsepse cha kumchira kwa ndege. Atandimanga lamba n'kundiveka zakumakutu, anatulutsa pepala n'kuyamba kuwerenga mokweza, akudziyankha yekha.

"Ukulankhula ndi ndani?"

"Ndi pepalali, ababa. Ndikadumpha mzere umodzi ndimayambiranso."

Asanalize injini ndinaona mbuzi zitatu kumapeto kwa bwalo. Iye anati zichoka zokha zikamva phokoso. Ine ndinakana. Mbuzizo ndinkazidziwa, komanso bwalolo linali langa. Anandimasula lamba, ndinatsika, ndinakazithamangitsa mpaka ku bulugama, ndinabwerera wefuwefu, iye n'kuyambiranso pepala lake kuchokera pamwamba. Dzuwa sindinaliyezenso. Maganizo onse anali pa kunyamukako.

Ponyamuka ndinatsinzina. Ndinamva mabampu onse amene ndinkaganiza kuti ndinasalaza, kenako mabampu anatha, tinali m'mwamba. Nditatsegula maso sindinadziwe kumene tinali. Ine ndinabadwira m'minda imeneyi, ndingathe kuyendamo chotsinzina, koma kuchokera pamwamba sindinazindikire munda ngakhale umodzi. Zitunda zimene zinatithyola miyendo zinali zitagona fulati ngati mkeka. Ndinaloza fakitale, iye anati imeneyo ndi sukulu. Ndinaloza nyumba yathu, anati ayi, tadutsa kale. Anapendeketsa ndege kuti andionetse manda, pamene panagona mayi ake, ndipo ndinavomera kuti ndapaona. Kunena zoona ndinangoona mitengo.

"Gwirani apa," iye anatero. "Osafinya. Zala ziwiri zokha."

Ndinagwira, ndege n'kudzutsa mutu ngati ng'ombe yokana goli. Ndinasiya msanga. Iye anaseka, kuseka kwa mayi ake kwenikweni, ndipo m'pamene ndinakumbukira dzuwa. Ndinatembenukira kumadzulo mwamantha, koma linali lilipo, lofiirira, litaima pamwamba pa chigwa cha Shire. Phiri lija linali pansi pathu. Ndinayeza pagalasi, pakati pa dzuwa ndi chigwacho panalowa dzanja lonse. Sindinadzifunse kuti zatheka bwanji kuti zala zitatu zisanduke dzanja. Ndinangothokoza Mulungu, mtima n'kukhala pansi, mpaka ndinapempha kuti tizungulire kamodzi pa tchalitchi ndione malata atsopano amene tinakhoma. Ine ndemwe ndinapempha zimenezo. Tinadutsa chapafupi ndithu. Pabwalo la tchalitchi panali anthu ambiri, amayi atavala mipango yoyera, onse atayang'ana kumwamba. Ndinaganiza kuti lero afulumira bwanji. Ndinawabayibitsa.

Potsika dzuwa linayamba kuthamanga. Ndinaliona ndi maso anga likugwa, phiri likukwera kukalimeza, ndipo matayala pogunda udzu tinali mumthunzi. Injini itazima ndinamva kuzizira, kenako nyimbo yotsegulira Sabata ikuchokera ku tchalitchi, ili kale pa ndime yomaliza.

Tinamangirira ndege ku zikhomo. Kumanga kumeneko nakonso inali ntchito, koma sitikanaisiya pamphepo. Panjira ndinamufunsa kuti Sabata lalowa nthawi yanji. Anati oyendetsa ndege ali ndi ndandanda yawo yonena nthawi yolowera dzuwa pamalo alionse, ndipo malinga ndi ndandandayo linali lisanalowe, panali patatsala mphindi zingapo. Phiri limangotibisira msanga ife okhala kuseri kwake. Ndinaima pakati pa njira. Zaka zonse zija mayi ake ankaika khasu pansi nthawi isanakwane? Kapena ndandandayo ndiyo yochedwa? Koma mwadzidzidzi ndinaona ngati ndapeza potulukira.

"Ndiye chithunzi chija cha pafoni, mwina kumene unaliko..."

"Ayi, ababa." Anadziwiratu chimene ndinkanena. "Chimene chija chinali cham'mawa, Sabata lenileni. Ndimauluka pa Sabata. Pena ndimanyamula odwala, pena alendo okaona njovu. Ndinapempha, amandimasula masabata awiri pamwezi, enawo ayi. Musakandinamire ku komiti."

"Ukudziwa kuti akufuna kukuchotsa?"

"Ndikudziwa. Ine sindikufuna kuchoka. Koma ntchitoyi sindisiya."

Tinafika kunyumba, tinadya nyemba za kalongonda zimene ndinaphika m'mawa, tinapemphera. Ndinapempherera odwala ndi a paulendo, koma za ifeyo ndinasowa ponena.

M'mawa mwake anavala chitenje cha mayi ake n'kukakhala kumbali ya amayi. Pakhomo la tchalitchi dikoni wina wachikulire, mnzanga wa kumbendera, anandigwira dzanja osalisiya.

"Akulu, dzulo tinakuonanitu. Tikuimba pansi pano, inu mukupita kumwamba osatitsanzika. Malata aja ali bwanji, takhoma mowongoka?"

Anthu anaseka. Ena sanaseke.

Sande m'mawa ndinayendera bwalo, mwana ananyamula alendo ake n'kupita. Masana komiti inakumana. Abusa atandifunsa, ndinanena zonse: kuti mwanayo amaulukadi pa Sabata, kuti si odwala okha amene amanyamula, ndiponso kuti wati sasiya. Kenako ndinati pali mlandu wina, wanga. Lachisanu ndinali m'ndege Sabata litalowa, koma ine dzuwa ndinkaliona, ndipo ndinapempha abale kuti andiuze ngati ndinachimwa.

Ndinkafunsa moona mtima, koma funsolo linasokoneza msonkhano. Dikoni uja amakhala kuchigwa, ndipo anati kwawo Sabata limalowa msanga kuposa ku tchalitchi. Mlembi wathu amakhala pamtunda, ndipo anati iye amakhala akuthirira ndiwo pamene akumva a kuchigwa akuimba. Aphunzitsi aakulu a pasukulu, obwera kuchokera ku Lilongwe, anati iwo amatsata nthawi ya pafoni, za phirizo sazidziwa. Anthu amene tapemphera limodzi zaka zonsezi, zinapezeka kuti aliyense amatsegula Sabata nthawi yakeyake.

Amene anatibweza panjira ndi mayi wina wa m'komitimo, mlamu wake wa bambo wa m'fakitale uja. Sanakweze mawu.

"Abale, za mphindi tazisiyani. Mwanayu wavomera yekha. Akulu, mlamu wanga uja munamuchotsa ndi dzanja lanu lomweli. Anali ndi ana asanu, ndipo kapitawo anamuuza kuti akakana ntchito yatha. Kapena Sabata la anthu a ndege ndi lina, la anthu a m'fakitale ndi linanso?"

Ananena zoona, ndipo ndinamuuza kuti wanena zoona. Abusa anati tikweze manja. Atatu anati achotsedwe. Atatu anati akhalebe, tizimuyendera ndi kumupempherera. Abusa savota. Anandifunsa ngati ndikufuna kutuluka panja popeza nkhani ndi ya mwana wanga, koma anthu onse anali atayang'ana ine, ndipo ndinaona kuti kutuluka kukhala kuthawa. Ndinafunafuna mumtima chifukwa chimene ndikanatha kuchinena pamaso pa mayi uja, osachipeza. Ndinkangoona dzuwa lija pagalasi, ndi mawu a m'chipatala aja. Ndinakweza dzanja kuti akhalebe.

Mayi uja anapinda mpango wake, anatsanzika abusa mwaulemu, n'kutuluka. Mpaka lero amandipatsa moni, koma moni wokha.

Patapita masiku ndinakwera kabaza kupita ku Khonjeni kumene bambo wa m'fakitale uja anasamukira. Ndinamuuza zimene zinachitika, ndipo ndinati ngati akufuna kubwerera ndikaimirira ine m'komiti. Anandipatsa mpando, akazi ake anandiphikira chinangwa. Anati panopa amapemphera kwina ndipo anazolowera. Kenako anandifunsa ngati n'zoona kuti pamwamba munthu suzindikira nyumba yako. Ndinati n'zoona. Anapukusa mutu, tinakamba za mvula.

Chaka chitatha ndinapempha kuti asandisankhenso kukhala mkulu. Abusa anandifunsa ngati ndikudziona wolakwa. Ndinati sindikudziwa, ndipo vuto ndi lomwelo: munthu amene sakudziwa ngati anakweza dzanja monga mkulu wa mpingo kapena monga bambo asamakhale pamene amakwezera manja.

Dzina la mwana wanga likadali m'buku. Masabata ena amaimba foni kuti ali ku tchalitchi mu mzinda, ena saimba, ndipo sindifunsa. Bwalo ndikutchetchabe. Lachisanu mthunzi ukafika pa mtengo wa mapeyala ndimaika chikwakwa pansi monga kale, pakuti njira ina sindiidziwa. Koma nyimbo siibwera msanga. Ndimakhala pakhonde, nsonga za bulugama za pamtunda zikadali zowala, ndikudikira kuti nazonso zizime.