Achemwali Tinawaika ku Henga

Ndinadzuka kusanache, ngati kugona kwa pasiwa tingakutche kugona. Msana unali utauma ndi simenti, ndipo zala zakumiyendo sindinkazimva. Ife a ku Salima timati nyengo yozizira timaidziwa, koma June wa ku Henga ndi wina. Mphepo imatsika kuchokera ku Nyika n'kulowera pansi pa chitseko ngati nyumba ndi yake. Amayi a mpingo anali atachezera kuimba nyimbo za Chitumbuka, zimene ndinkazindikira maimbidwe ake koma mawu ayi. Tsopano makosi anali atasasa, ena akusinza atatsamira khoma. Pakati pa chipinda panali bokosi la achemwali anga. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tawonga, anali atagona mutu uli pamwendo panga.

Achemwali anabwera ku Rumphi ali mtsikana, boma litawatumiza kudzaphunzitsa kusekondale. Tinkati akhalako zaka zingapo n'kupempha kubwerera kufupi ndi kwathu. M'malo mwake anakwatiwa ndi mwana wa konkuno, anamanga nyumba pamudzi pa amuna awo, anaphunzira chiyankhulo mpaka akabwera ku Salima ankatithokoza ndi yewo. Amuna awo anamwalira Tawonga ali kupulayimale, koma iwo sanasunthe. Ndinene zoona, m'mawa umenewo dera lonseli ndinali nalo chifukwa. Linatilanda munthu ali moyo, ndipo linkatilandanso ndi mtembo womwe, poti mwambo wa kuno umati mkazi woperekeredwa ng'ombe amagona pambali pa mwamuna wake.

Ndinamutsitsa mwanayo pang'onopang'ono n'kutuluka. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi anali atasonkha kale moto, ena akudula kabichi, ena akubwera kumjigo ndowa zili pamutu. Abambo anali kutsogolo, atazungulira chitsa chimene chinanyeka usiku wonse, makhoti atawakokera m'makutu. Achimwene athu, amene ndi mwini mbumba kwathu, anachoka pamoto paja n'kundikodola. Anati lole imene tinabwera nayo inyamuka madzulo omwewo, ndipo Tawonga akwera nafe.

"Mtembo atenge, koma mwana ndi wathu," anatero. "Kamulongedzere zovala anthu asanachuluke."

Ankadziwa zimene inenso ndinamva m'manong'onong'o a usiku. Bambo ake aakulu a Tawonga, mkulu wawo wa malemu bambo ake, anali atakonza zawo: mwanayo akakhale kumunda kwawo kumtunda kwa chigwa, azikasamalira agogo ake amene maso anawathera. Kumeneko sukulu ili kutali. Tawonga anali mu Folomu 4, mayeso anali atatsala masabata owerengeka, ndipo mayesowo munthu amalembera pasukulu pamene analembetsa dzina. Apite ku Salima kapena kumunda, chaka chimenechi sakanalemba. Ine ndinkadziwa, koma ndinati mayeso sathawa, bola mwana wa achemwali akhale pamene ndikumuona. Ndinalowa kuchipinda kwake n'kulongedza chikwama, ndinachikankhira pansi pa bedi.

Dzuwa linatuluka mochedwa, nkhungu itaphimba mapiri mbali zonse. Anthu anayamba kufika. Oyamba anali apansi ndi apanjinga, amayi atasenza ufa ndi nkhuni. Kenako njinga zamoto, maminibasi ochokera ku Mzuzu, galimoto za maofesi a pa Boma. Aliyense ankatigwira chanza n'kunena kuti pepani chomene, ine n'kumangogwedeza mutu. Ndinaona bambo wina wa manja akuda ndi oyilo akulira ngati mwana atatsamira mtengo wa mango. Ndinaona anamwino awiri amene anabwera ndi yunifolomu, zikuoneka kuti anachokera kuntchito ya usiku. Ndinkadzifunsa kuti anthu onsewa achemwali anawadziwira kuti.

Ana a Folomu 4 anafika onse pamodzi, ali pamzere, aphunzitsi awo ali m'mbuyo. Loweruka limeneli linali tsiku la mwambo wawo wotsanzika sukulu, umene iwo amati giladuweshoni, ndipo wokonza zonse anali achemwali. Tenti imene anabwereka kuti makolo akhalemo anadzaikhoma pabwalo pathu. Mipando inali ya m'kalasi. Kwaya inaimba nyimbo zomwe inakonzera chisangalalo, chifukwa zina inalibe nthawi yophunzira, ndipo mtsikana wotsogolera nyimbo anatsamwa pakati mpaka mnzake anamulandira. Apa ndiye ndinalira kwenikweni, osatinso kulira kwa mwambo.

Itatha nthawi yoona nkhope, bokosi analitulutsa panja. Anayankhula a mudzi, a mpingo, a mbali yathu ndi a mbali yawo. Mphunzitsi wamkulu anayankhula m'Chichewa kuti alendo timve. Anati chaka chilichonse achemwali ankakhala pansi ndi mwana aliyense wa Folomu 4, payekhapayekha, n'kumufunsa chimene adzachite mayeso akadzatha. Mwana akati udokotala kapena uloya, iwo sankaombera m'manja ndipo sankamuseka. Ankangoti, kaone kaye. Patchuthi ankamutumiza kwa wophunzira wawo wakale amene akugwira ntchito yoteroyo, akakhale naye masiku angapo, adzuke nthawi yake, adye chimene akudya, aone ntchitoyo ili ndi thukuta lake. Ena ankabwera atalimba mtima, ena atasintha maganizo. Anatchula mnyamata wina amene ankafuna udokotala koma anakomoka ataona magazi tsiku loyamba, ndipo lero ndi mmisiri wowotcherera zitsulo, ali ndi antchito ake. Khamu linaseka pang'ono, bambo wa manja akuda uja n'kubisa nkhope. Ine zonsezi sindinkazidziwa. Achemwali akabwera kwathu tinkakambirana za matenda ndi mitengo ya zinthu, za ntchito yawo sindinawafunsepo.

Tinanyamuka kupita kumanda dzuwa lili pamutu koma losatentha. Anyamata a Folomu 4 anapempha kuti anyamule nawo bokosi, ndipo ankalandirana ndi abambo a m'mudzi. Njira inadutsa m'minda yokolola kale, pakati pa mapesi, kenako m'mbali mwa zigafa za fodya. Mphepo inkatiwaza fumbi m'maso. Amayi a mpingo, ovala zoyera, anali kutsogolo ndi nyimbo, ndipo mzere unatalika moti am'mbuyo ankaimba ndime imene akutsogolo anaimaliza kale. Tawonga ankayenda pakati pa ine ndi azakhali ake. Aliyense wa ife anamugwira dzanja lake, ndipo ndikuvomera kuti ine ndinagwira mwamphamvu kuposa mmene zinafunikira.

Manda anakumba pambali pa a alamu anga. Abusa anapemphera, adzukulu anatsitsa bokosi, makasu anayamba kulira. Tawonga sanakuwe. Anangoyang'ana dothi likukwera mpaka linakhala mtumbira.

Poika nkhata anayamba ndi iyeyo, kenako ife achibale, a mpingo, a boma. Ataitana ophunzira, sanabwere chigulu monga ndinkayembekezera. Anabwera awiriawiri. Wophunzira wakale aliyense anagwirizira nkhata imodzi ndi mwana wa Folomu 4 amene anamusunga patchuthi. Namwino ndi mtsikana wake. Wowotcherera zitsulo uja ndi mnyamata wamtali. Mlangizi wa zaulimi, mphunzitsi, telala, wapolisi, aliyense ndi wake. Ankagwada, kuika nkhata, n'kubwerera. Atatha onse, panatsala mayi mmodzi wamfupi, wa yunifolomu yobiriwira ndi jombo zazikulu, mmodzi wa asilikali osamalira nyama ku Nyika. Anaima yekha ndi nkhata yake, osapita kumtumbira, osabwereranso. Woyendetsa mwambo anamukodola kuti afulumire, iye osasuntha. Anthu anayamba kuyang'anana.

Ndinamva dzanja la Tawonga likuchoka m'dzanja langa. Anaimirira, anakonza chitenje, anadutsa pakati pa anthu n'kukagwira mbali ina ya nkhatayo. Anapita limodzi kukagwada. Ndinayang'ana achimwene, ndinayang'ana bambo ake aakulu. Onse anali kukamwa yasa ngati ine.

Titabwerera kunyumba, anthu akusamba m'manja kuti adye, ndinamufunafuna mayiyo. Anandiuza m'Chichewa chake chokwera ndi kutsika kuti Tawonga anakhala naye ku Chelinda, pamwamba pa Nyika, patchuthi chapitachi. Anayenda nawo m'tchire, anachita matuza, ananyowa ndi mame mpaka m'chiuno, anaona nyama yofera mumsampha. Asilikaliwo ankati athawa, koma tsiku lobwerera ndiye analira. Anati achemwali sanakondwe nazo, ankafuna mwana wawo akhale mphunzitsi, koma anati sangauze ana a eni kuti kaone kaye n'kumutseka maso wawo.

"Mutu ali nawo chomene, amama," anatero mayiyo. "Sukulu ya za nyama ndi nkhalango angathe kupita. Kweni alembe dankha mayeso. Popanda pepala limenelo ine sindingamuthandize kalikonse."

Chifukwa ife tinali a ulendo, nkhani za banja anazikamba masana omwewo, mutenti muja, khamu litayamba kumwazikana. Abambo anakhala pamipando, ife amayi pamphasa. Tawonga anamusiya m'nyumba. Achimwene anati kwathu mwana amatsata mayi ake, ndipo iwo monga malume sangabwerere chimanjamanja kawiri. Bambo ake aakulu anayankha mofatsa kuti ng'ombe zinaperekedwa, mwana ali ndi dzina la pamudzi pano, ndipo agogo ake akumufuna. Anabwerezabwereza, aliyense mwaulemu, aliyense osagonja. Mkulu wina wa mpingo atakumbutsa za mayeso, onse awiri anagwirizana koyamba: adzalemba chaka chamawa.

Chaka chamawa chimenecho ndimachidziwa. Ndachiona kumsika kumene ndimagulitsa kaunjika, chikuyenda ndi mwana kumbuyo. Ndinagwada n'kupempha kuti ndiyankhule. Achimwene anandiyang'ana ndi diso londiletsa, koma pakamwa panga sipanayambe lero kuwavuta. Ndinati tonse tinali kumanda ndipo tinaona. Ana a eni ake achemwali anawafunsa mmodzimmodzi chimene akufuna, wawo ife tikumugawana ngati ndiwo, osamufunsa n'komwe. Ndinati alembe mayeso, ndipo akatha mudzamuitane iye mwini, adzakhale pamphasa pano, mudzamve.

Bambo ake aakulu anati mawuwo ndi abwino, koma mtsikana sangagone yekha m'nyumba imene mwangotuluka maliro. Akazi awo ali ndi agogo kumunda, azakhali ake ali ndi banja ku Mzuzu. Akhala naye ndani? Funso linali loona, ndipo aliyense anayang'ana pansi. Ndinaganiza za benchi langa kumsika, limene ukalisiya sabata imodzi umapeza wina atayalapo. Ndinaganiza za ana anga, za kuzizira, za chiyankhulo chimene sindichimva.

"Nditsala ine," ndinatero.

Achimwene anandikokera pambali n'kundifunsa ngati mutu wanga ukuyenda bwino. Ndinati sukuyenda, koma ndatsala. Bambo ake aakulu anaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti yewo, mulamu. Za kuti mwanayo ndi wa ndani sizinathe, anangozikankhira kutsogolo, ndipo ndikudziwa kuti zidzabweranso. Lole inanyamuka dzuwa likupendeka. Achimwene sananditsanzike bwino, anangokweza dzanja osandiyang'ana. Ndinaima pamsewu mpaka fumbi linatha, mtima ukundiwawa, chifukwa sindinakhalepo kutali ndi kwathu ndekha.

Madzulo nyumba inakhala zii. Tenti anali atachotsa, pabwalo panatsala maenje a zikhomo ndi udzu wopondedwa. Amayi achikulire awiri a pamudzi anatsala kuti agone nafe, ndipo anali atayamba kale kusinza pabalaza, pamalo pamene panali bokosi. Ndinalowa kuchipinda kwa Tawonga. Ndinamupeza atakhala pabedi mumdima. Zonse anali atazimva kudzera pazenera.

"Amama," anatero motsitsa mawu, "Lolemba ndipite kusukulu? Kapena anthu anena kuti ndafulumira?"

"Akadzanene kwa ine."

Kenako anafunsa ngati sindimutenga ngati wopenga, mtsikana kufuna ntchito ya m'tchire. Ndinati ndikuona ngati misala ndithu, ndipo ine nyalugwe sindifuna ngakhale kumumva dzina, koma amene anakaona ndi iyeyo, osati ine. Anaseka pang'ono, kuseka kuja n'kusanduka kulira kumene anakusunga tsiku lonse. Ndinamugwira mpaka anatopa.

Atapukuta misozi anandikumbutsa kuti mawa ndi la Sabata, ndipo m'nyumba muno amayi ake sankalola kusita pa Sabata. Ndinayatsa nyali, ndinaika makala m'simbi. Iye anayala bulangete patebulo, ine ndinasita siketi ndi bulauzi, ndipo anazipachika pamsomali wa kuseri kwa chitseko.