Belu la ku Hositelo ya Atsikana

Nditangomaliza maphunziro, boma linanditumiza kukaphunzitsa sayansi pa sekondale ina ya mishoni kufupi ndi boma la Rumphi. Ndinali wochokera kuchigawo chapakati, ndipo Chitumbuka chomwe ndinkadziwa chinali "yewo" basi, kutanthauza zikomo.

Chaka chimenecho ahedi, bambo wokonda zinthu zatsopano, anabwera kuchokera ku Mzuzu ndi mabelu awiri oyendera batire la galimoto. Anati lina likhale pa ofesi, lina ku hositelo ya atsikana kumtunda, onse azilira iwo akangodina batani. Ntchito yoyala waya inagwera ine.

Ndinafuna waya adutse molunjika, koma panjira panali dimba la Abusa, kenako chinangwa cha akazi a ahedi, kenako bwalo lomwe amayi ankaphunzirirapo magule a chipani, lomwe munthu wanzeru zake sakanayerekeza kukumbapo. Waya anangokhotakhota ngati munthu wochokera ku mowa. Tinamukwirira, ahedi n'kudzalitsa kapinga pamwamba pake.

Tsiku loyesa, belu la pa ofesi linalira bwinobwino. La ku hositelo linayamba ndi kung'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, kenako kutsokomola, ndipo pomwe linkati lilire zenizeni, ahedi anali atachotsa kale chala pa batani. Mphamvu inkathera m'njira. Atsikana anapezerapo danga. Ankafika m'kalasi mochedwa, ndipo amatironi akawafunsa ankayankha kuti belu silinalire, linangodandaula.

Ndinapempha kuti ndifukule waya uja ndimufupikitse. Ahedi anakana, ati kapinga wagwira kale.

"Aphunzitsi, sayansi munaphunzira ija ndi yantchito yanji? Konzani osakumba."

Ndinayamba ndi kuwonjezera batire lina pa ofesi. La ku hositelo linasinthako pang'ono, koma la pa ofesi linalusa. Linalira mpaka kuzuka pakhoma n'kugwera m'makapu a tiyi aphunzitsi tili pamsonkhano. Ndinachotsa batire lija tsiku lomwelo.

Kenako ndinakapeza kwa makanika wina pa boma kachipangizo ka hutala ya galimoto kotchedwa rileyi. Kameneka kakalandira mphamvu yofooka, kamatsegulira njira batire lina lodzaza. Ndinaona kuti ndikakaika pakatikati pa njira, ndi batire lakelake, belu lakutali lizilira ngati lili pafupi. Malo okhawo omwe waya ankaonekera pamtunda anali pa ngalande ya kuseri kwa nyumba ya Abusa. Abusa, munthu wofatsa, anavomera kuti bokosi likhale pakhonde pawo, mpaka analipempherera.

Zinatheka. Mabelu onse ankalira limodzi, mwamphamvu, ndipo atsikana anatha masiku osandipatsa moni.

Koma Lolemba lililonse belu la ku hositelo linkangoti ziii. Ndinayeza waya, ndinapala dzimbiri, osapeza vuto. Loweruka lina masana ndinapita kukasuzumira m'bokosi muja ndipo ndinapeza mulibe batire. M'nyumba munkamveka phokoso la mpira. Nditalowa ndinapeza Abusa ndi akulu ampingo awiri atazungulira wailesi, batire langa lili pansi pa tebulo, likuliza wailesiyo. Mpake pofika Lolemba linkabwerera m'bokosi litatheratu.

Abusa sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anandifotokozera modekha kuti Loweruka ndi Lamlungu belu siligwira ntchito, ndipo si bwino kuti chinthu cha mishoni chizingokhala manja lende.

"Yewo chomene, aphunzitsi. Khalani pansi, tikugonjatu."

Ndinakhala. Kukawanenera Abusa kwa ahedi sindikanatha. Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse madzulo ndinkanyamula batire la mu labu panjinga n'kukasinthanitsa ndi lija lothera mpira. Ahedi anandiyamikira pamaso pa sukulu yonse kuti ndathetsa vuto la Lolemba. Abusa, omwe anali pambali pawo kudikira kutseka ndi pemphero, anagwedeza mutu movomereza.