Sukulu Imene Ndinali Ndisanaione

Mkazi wanga atamwalira, ndinkafuna kuchoka kwawo ku Wimbe, koma amalume a mwana wathu Tadala sakanalola mkamwini kutenga mwana popanda chifukwa.

"Alamu, nyumba imene ndikugula ku Boma ili pafupi ndi sukulu yabwino," ndinatero. "Ana amasankhidwa ambiri."

Sukuluyo ndinali ndisanaione n'komwe. Ndinkangothawa chigafa chimene malemu ankasokeramo fodya.

Tsiku lokalembetsa ndinachita kufunsa njira kwa wakabaza, Tadala ali pambali panga, akumva.

Chaka chatha anasankhidwa kupita ku sekondale. Amalume ake anaimirira m'tchalitchi kuyamikira nzeru zanga. Ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndikudzichepetsa. Tadala yekha ndiye sanaombe m'manja.