Manja Oletsedwa Kugwira Wodwala

Anandipeza Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Febuluwale, ndikupalira mtedza kuseri kwa nyumba yanga kwa Kanduku. Anali apolisi awiri. Wamng'onoyo ndinamubayapo jakisoni ali mwana, ndipo ndiye analankhula: "Adokotala, pepani, tatumidwa. Valani nsapato tikacheze kuboma."

Nkhani inayamba kale. Bambo wina anamwalira nditangomuchita opaleshoni yaing'ono pakachipatala kanga. Bungwe loyang'anira madokotala linandiletsa kugwira wodwala aliyense mpaka litafufuza, pofuna kuteteza anthu. Sindinakwiye, chifukwa pakafa munthu payenera kukhala mafunso. Koma mvula inagwa, inatha, inagwanso, kafukufuku osayamba. Ndinakasuma kukhoti lalikulu ku Blantyre kuti chiletsocho chiunikidwe. Loya wanga, mayi wosazungulira polankhula, anandichenjeza: "Mpaka mlandu uthe, manja m'thumba. Mukangokhudza munthu, chiphaso chanu chapita."

Kumudzi sadziwa kuti udokotala umaimitsidwa. Tsiku lina anandibweretsera pamachira mayi wochira kumene, akutaya magazi, mtsinje wa panjira ya kuboma utadzaza. Ndinamuthandiza, anakhala ndi moyo. Ndicho anandigwirira.

Wofufuza anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti ndinaletsedwa. Ndinavomera. "Ndiye ndi mwano basi," anatero akulemba. Za mayi uja sanafunse. Belo inachedwa, ndipo ananditumiza kundende pa rimandi.

Tinkagonera mbali imodzi tonse, mothithikana. Nyapala, mkaidi woyang'anira anzake, akalamula, tinkatembenukira limodzi. Za chidebe cha pakona sindilemba. Loya atabwera kudzandiona anati za mayi uja angathe kuzifotokoza, popeza zinali zadzidzidzi. "Koma kachiwiri ayi, adokotala. Woweruza adzati simumva."

Loweruka lina, atangotitsekera dzuwa likadalipo, dalaivala wa thiraki amene anamangidwa pamalire anagwa khunyu. Chipinda chimene chinalibe poponda chinapezeka ndi bwalo pakati. Aliyense anakakamira kukhoma, poti kwathu kuno amati thovu la wakhunyu likakukhudza, nawe wayamba kugwa. Woyang'anira ndende anasuzumira pazitsulo za chitseko.

"Adokotala, inu mukungoyang'ana?"

Ndinaika manja kumbuyo. Ndinaganiza kuti lamulo laletsa manja, silinaletse pakamwa. "Mugonekeni cham'mbali asatsamwe," ndinatero. Palibe anasuntha.

"Ife tili ndi ana, bwana," anayankha nyapala. "Matendawa ngopatsirana."

"Sapatsirana."

"Ndiye mugwireni inuyo."

Munthuyo anali chagada, mpweya ukulira pakhosi. Ndinene zoona: ndinkaopa. Ndinaganiza za chiphaso changa, za zaka zimene ndinathera kusukulu, za ana anga, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikuganiza zimenezo mnzanga akutsamwa. Kenaka ndinagwada, ndinamutembenuza, ndinamupukuta kukamwa ndi malaya anga, ndi kugwira mutu wake mpaka atatsitsimuka.

M'mawa woyang'anira uja anandikokera pambali. "Musade nkhawa, ine sindinaone kanthu." Ankandichitira chifundo, ndipo ndinamuthokoza. Koma ndinamuuza kuti anaona, ndipo akadzafunsidwa adzanene. Sindinafune kubwezeredwa chiphaso chifukwa chakuti wina watsinzina.

Loya nditamuuza anagwira m'mutu, nati, "Mwandiphera mlandu." Komabe anakaiyala yekha nkhaniyo pamaso pa woweruza. Loya wa bungwe anati umenewu ndi umboni wakuti sindimvera, ndipo dokotala wosamvera ndi woopsa. Sindinganene kuti ankanama kotheratu. Woweruza anati bungwe lili ndi mphamvu yoteteza anthu, koma chiletso chopanda mapeto si chitetezo. Analamula kuti kafukufuku achitike, ndipo pakadali pano ndizigwira ntchito pansi pa dokotala wina. Mlandu wa kupolisi unathetsedwa, ndipo ndinatuluka chimanga chitauma m'minda.

Anzanga amati ndinangopambana theka. Mwina. Ufulu umene ndinaupeza ndi wokhala ndi wondiyang'anira, koma ndaona kuti munthu atha kupuma nawo.

Tsiku loyamba pantchito, dokotala wondiyang'anirayo, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba, anaima pambali nati, "Pitirizani, bambo." Ndinagwira dzanja la mayi wogulitsa tomato kuti ndimve kugunda kwa mtima, koma zala zanga zinkanjenjemera. Mayiyo anandiyang'anitsitsa.

"Adokotala, kodi inunso mukudwala?"

"Ndinadwala, mayi," ndinatero. "Ndikuchira."